Mchira wa Nkhunzi Yakuda

Amuna anga anabwera kudzandikwatira akukoka ng'ombe. Anzawo ankabwera ndi njinga, ena wailesi, ena thumba la zovala basi. Iwo anatsika kumapiri a ku Dowa wapansi, chingwe m'manja, kumbuyo kwawo kukubwera kamsoti kakuda, kafupi, ka linunda lopendekeka, nthiti zikuchita kuwerengeka. Alongo anga anaseka mpaka kukhala pansi. Ankati mkamwini wabwera ndi mbuzi yonyanya kukula. Ine ndinachita manyazi, chifukwa ndinali nditauza kale anzanga kuchitsime kuti mwamuna wanga ndi wa ng'ombe, osawauza kuti ng'ombeyo ndi yotani.

Kamsotiko anawapatsa ndi bambo awo adakali moyo. Mkuluyo ankadziwa kuti akadzamwalira khola lonse lidzapita kwa ana a alongo awo, monga mwa mwambo wathu, ndiye anangomasula kamodzi n'kuuza mwana wawo kuti asapite kwa eni chimanjamanja. Amuna anga sanalandirenso china chilichonse kwa bambo awo, ngakhale khasu.

Kwathu kuno ndi kunyanja, kumene dambo la mpunga limakathera pamchenga, ndipo mwamuna akakwatira amakhala kwa mkazi. Munda ndi wanga. Malo a nyumba ndi a amayi anga. Ana amene tinabereka, wolamula za maukwati awo ndi alongo anga. Tikayambana ndinkawakumbutsa zonsezi, chifukwa pakamwa panga mawu sasowapo. Ankangotenga chisoti chawo n'kupita kukhola. Kukhola kokhako n'kumene kunalibe wowafunsa kuti kwanu n'kuti.

Ng'ombe zobadwa mwa kamsoti kaja sizinali zoti munthu n'kuimitsira njinga. Zonse zinkatuluka zakuda, zazifupi, zoonda ngati mayi wawo. Ogula nyama ochokera ku Senga Bay ankazizungulira, kuzitsina pamsana, n'kunena kuti apa pali chikopa ndi mafupa. Koma zinkabereka, ndipo sizinkadwaladwala. Khola linadzaza, kenako linayamba kuphwa monga amachitira makola a anthu osauka. Zina zinapita ndi sukulu ya ana, zina ndi maliro, zambiri chaka cha njala. Pamene tsitsi lathu linkayamba imvi, za mtundu wa apongozi anga zinali zitatsala ziwiri: yaikazi imodzi yokalamba, ndi mwana wake, kankhunzi kakuda kamene kanali kasanayambe kukwera. Amuna anga ankakakanda pansi pa khosi m'mawa uliwonse asanandipatse moni ine.

"Aka kadzadzazanso khola lino," ankatero.

"Kadzaze kaye khungu lakelo," ndinkawayankha.

Chaka chimenecho kunabwera anthu a bungwe lina loona za ng'ombe za nyama, ali ndi alangizi athu a ziweto. Wowatsogolera anali mtsikana, wamng'ono kwa mwana wanga woyamba, atavala majombo a mphira ndi chipewa chachikulu. Sanabwere ndi jakisoni. Ankapita kumbuyo kwa nkhunzi iliyonse yaing'ono, n'kuzula ubweya pang'ono kumchira, wa mizu yake, n'kuuika mu envulopu. Amayi tinayamba kutsinana. Kwathu munthu wotola ubweya wa chiweto cha mnzake timadziwa kumene akupita nawo, ndipo si kuofesi.

Mtsikanayo anaseka nafe, kenako anatikhazika pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi dibi losambitsira ng'ombe.

"M'mizu ya ubweyawu muli zonse zimene ng'ombe inatengera kwa makolo ake," anatero. "Makina akaziwerenga amaziyerekeza ndi za ng'ombe zina zambirimbiri, zimene anthu anaona kale kakulidwe kake ndi ka ana ake. Ndiye amatiuza kuti nkhunzi iyi, ngakhale isanakwere n'komwe, ana ake angadzakhale a nyama yambiri kapena ayi. Simudikiranso zaka kuti muone ana."

Azibambo anagwedeza mitu. Iye anakweza dzanja.

"Koma mundimvetse bwino, makolo anga. Ng'ombe zimene makinawa anaphunzirapo n'za kunja, kozizira, zodya zakudya za m'matumba. Zathu zino sakuzidziwa bwino. Panopa akungoyerekeza, ngati a zanyengo pa wailesi. Tikamayeza ana a ng'ombe zanu chaka ndi chaka, m'pamene adzayambe kulondola."

Mawu amenewa ndinawamva ndi makutu angawa, chifukwa ndinali pafupi naye ndikuthira thobwa m'makapu. Koma alangizi pofupikitsa nkhani anati kumeneku ndi kuyeza magazi a ng'ombe, ndipo azibambo anatola mawu amenewo n'kutaya ena onse. Ifetu kuyeza magazi timakudziwa. Timayenda mtunda wautali kukabayidwa chala, ndipo chimene atiuza kumeneko chimakhala chomwecho.

"Kuchipatala akakuuza kuti ndi malungo umatsutsa?" anafunsa alongo anga galimoto itangochoka. "Magazi sanama."

Tsiku lomwelo anakhazikitsa kalabu ya oweta ng'ombe, ndipo posankha wapampando anasankha amuna anga. Panalibe wina wodziwa ng'ombe kuposa iwo, ndiponso eni mudzi sankakhulupirirana okhaokha. Anawaombera m'manja. Ndinali nditakhala nawo zaka zonsezo koma ndinali ndisanaonepo anthu a kwathu akuwaombera m'manja. Pobwerera kunyumba ankayenda patsogolo panga, ndipo ndinawasiya kuti atero.

Vuto linali dambo. Tikakolola mpunga, ng'ombe za midzi yonse yozungulira zimadyera pamodzi, popanda mpanda. Nkhunzi ya aliyense imakwera ng'ombe ya aliyense. Ndiye kusankha nkhunzi yabwino kulibe ntchito ngati zachabechabe zikuyendanso momwemo. Kalabu inagwirizana chimodzi: zimene makina adzasankhe zidzasungidwa, zotsalazo zidzafulidwa kuti zizikoka ngolo. Zimenezi mtsikana uja sananene. Anagwirizana ndi azibambo okhaokha, ndipo amuna anga ndi amene anamanga mfundoyo.

Zotsatira zinabwera patapita miyezi, pafoni ya alangizi. Mtsikanayo sanabwere, ndipo chenjezo lake lija silinakwane mufonimo. Pamwamba panali nkhunzi yofiira ya makutu ogwa, ya bambo wina wachisilamu wa kudooko, wogulitsa nyama, amene anaigula kufamu ina. Inali yosakanikirana ndi mtundu wa kunja, ndipo makina anaizindikira ngati m'bale wawo. Kankhunzi kathu kanali kumapeto kwenikweni. Alangizi atatchula, munthu wina anatsokomola, wina anati, "Tiyambire kwa wapampando."

M'mawa wa tsiku lofulalo ndinawapeza kukhola akumanga chingwe.

"Abambo, katengeni kameneka mupite nako ku Dowa," ndinatero. "Kakakhale kwa abale anu mpaka fumbi lidekhe. Anthu ndidzawauza kuti kadwala."

"Ndikathawitsa yanga ine, adzafule yake ndani?"

"Mtsikana uja anati makinawo akungoyerekeza. Ndinamva ndine."

"Amayi, makina alibe nsanje," anatero. "Alongo anu akamati ng'ombe zanga n'zachabe ndinkati ndi chipongwe cha eni mudzi. Nanga makinawa ndawalakwira chiyani?"

Apa m'pamene ndinaona kuti sankangofuna kusunga mpando. Ankakhulupiriradi. Zaka zonse zija anthu akuseka ng'ombe za bambo awo, mumtima ankadzitonthoza kuti ndi nsanje, ndipo tsopano chinthu chopanda mtima chinali chitanena zomwezo. Ndinawakalipira mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Ndinawatcha munthu wogulitsa bambo ake chifukwa cha kuomberedwa m'manja. Anangomaliza kumanga mfundo n'kutuluka nako.

Ndinawatsatira chapatali. Kudibi anthu anali atadzaza kale. Anakagwetsa pansi, kukamanga miyendo, amuna anga n'kugwira mutu okha, atauika pamaondo pawo. Alangizi anatulutsa chitsulo chofulira chokhala ngati pulayala yaikulu, n'kupana mbali iyi, kenako mbali iyo. Magazi sanatuluke ngakhale dontho. Kanalira kamodzi, atakamasula kanadzuka, kanadzandira pang'ono, n'kuyamba kudya udzu. Ndinadabwa kuti chinthu chachikulu choncho chingathe msanga chotero, anthu akucheza za mtengo wa feteleza. Amuna anga anapukuta manja pathalauza n'kunena kuti, "Wina abweretse yake."

Chaka chotsatira m'dambo munali chikondwerero. Ana a nkhunzi yofiira ankabadwa akuluakulu, miyendo italiitali, khungu lonyezimira. Anthu ankayenda khola ndi khola kukaona. Koma ng'ombe yathu yokalamba ija inali yaing'ono thupi, ndipo mwana amene inatenga kwa nkhunzi yofiirayo anali wamkulu kuposa njira yake. Inavutika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Amuna anga anapisamo dzanja mpaka m'phewa, anamanga chingwe kumiyendo ya mwanayo, tinakoka tonse awiri. Mwana anatuluka atafa kale, mayi wake anatsatira tisanasambe n'komwe m'manja. Apo m'pamene panathera ng'ombe zobereka za mtundu wa apongozi anga. Tonse tinadziwa zimenezo.

Mvula itabwera, nkhupakupa zinabwera nayo. Kuno n'zambiri chifukwa cha udzu wa m'dambo, ndipo mankhwala othira m'dibi sapezeka nthawi zonse. Ana okongola aja anayamba kutupa m'munsi mwa makutu, kutsika misozi, kenako thovu m'mphuno. Khola ili lero, khola ilo mawa. Amene anapulumuka, chilimwe chikafika ankangoima pamthunzi lilime lili kunja, pamene ng'ombe zathu zakale zikutolatola timaudzu touma padzuwa. Sindikunena kuti nkhunzi yofiirayo inali yoipa. Mwini wake ankapopera ng'ombe zake mankhwala sabata ndi sabata, ankazipatsa madeya, ndipo ana ake kwa iyeyo ankakuladi ngati nyumba. Koma ambirife tinalibe pampu kapena madeya. Tinali ndi dambo basi.

Amuna anga sanawanenepo makina. Ankati tinachedwa kudibi. Ankati udzu wa chaka chino ndi woipa. Ankati ifeyo ndife osasamala. Akamalankhula pamsonkhano wa kalabu ankabwerezabe kuti magazi sanama, ndipo ine ndinasiya kuwatsutsa, chifukwa ndinaona kuti mawu amenewo ndi amene ankawaimiritsa. Akanavomera kuti makina analakwitsa, ndiye kuti zimene anagwirira mutu uja zinali zachabe.

Yakuda ija anaiphunzitsa goli. Inkakoka ngolo pamodzi ndi ng'ombe ya anansi athu, ndipo inanyamula mpunga, njerwa, mchenga, amayi oyembekezera opita kuchipatala. Sinakule kwenikweni, koma khosi linalimba, ndipo zaka zonsezo sinagonepo ndi matenda. Nkhupakupa zinkaimamatira ngati zinzake zonse, iyo n'kumangodya. Alangizi akale anasamutsidwa, kunabwera ena, amene ankabwera ndi tepi kudzayeza zifuwa za ana a ng'ombe ndi kufunsa amene afa. Ankati zonsezo amatumiza kwa mtsikana uja. Ine ndinali nditamuiwala nkhope.

Anabweranso tsiku lina m'nyengo yokolola, dzuwa lili paliwombo. Anali atanenepa, atavala magalasi, sanalinso mtsikana. Sanapite kudibi kapena kwa alangizi. Galimoto inaima pabwalo pathu penipeni, iye n'kutsika akumwetulira ngati munthu wobweretsa uthenga wa mwana wobadwa. Amuna anga anali pakhonde akusoka thumba la mpunga.

Titapatsana moni sanachedwe.

"Abambo, ndabwera ndi nkhani yabwino. Mukukumbukira ndinkati makina aja sakuzidziwa ng'ombe zathu? Tsopano aphunzira. Tawadyetsa zonse za ana a ng'ombe a kuno ndi a madera ena otentha, amene anakula ndi amene anafa. Ndiye tinatenga ubweya wakale uja n'kuuwerenganso. Zasinthatu. Zina zimene zinali pamwamba zatsika. Nkhunzi yanu yakuda ija yakwera, ili m'gulu la zoyambirira pa kupirira nkhupakupa ndi kutentha. Ndi kuyerekezabe, koma tsopano tayandikira. Tikufuna titengeko mbewu yake kuti ifike m'makola ambiri. Ili kuti?"

Amuna anga anabaya singano pathumba, anadzuka, n'kunena kuti, "Tiyeni."

Anamutsogolera kuseri kwa nyumba, ine ndikutsatira. Ngolo inali itangobwera kumene kudambo, ng'ombe zikadali m'goli pansi pa mtengo. Yakudayo inali kumanzere, ikubzikula, khosi lili ndi chipsera cha goli. Mayiyo anaizungulira akumwetulirabe, anawerama kuyang'ana pakati pa miyendo yakumbuyo, ndipo anakhala chiweramire nthawi yaitali.

"Ine sindinanene kuti mufule," anatero chapansipansi.

"Simunanene, mayi," anayankha amuna anga. "Tinanena ndife."

"Nanga mayi wake? Azichemwali ake?"

"Kulibe. Yatsala yokhayi."

Ine mtima unali ukuwira. Ndinkafuna kumufunsa kuti n'chifukwa chiyani anatibweretsera makina osaphunzira, kuti adzaphunzirire pa ng'ombe zathu ngati mwana wa sukulu wophunzirira kumeta pamutu pa mng'ono wake. Ndinkafuna kumufunsa kuti tsiku la zotsatira lija anali kuti. Koma nditamuyang'ana anali atavula magalasi, misozi ikutsika. Iye anali atanena zoona tsiku loyamba lomwe. Ndinasowa woti ndimukalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa china chilichonse.

Amuna anga anaikanda yakudayo pansi pa khosi. Kenako anafunsa mwaulemu, ngati mmene munthu amafunsira kwa dokotala.

"Ubweya uja munazula, mukadali nawo?"

"Tili nawo, abambo. Timausunga bwino."

"Munati m'mizu yake muli zonse za makolo ake."

"Eya."

"Ndiye sungabereke? Makinawo poti tsopano aphunzira."

Mayiyo anapukusa mutu. "Ayi, abambo. Ubweya umangotiuza. Subereka."

"Chabwino," anatero. "Zikomo poti mwabwera nokha kudzatiuza."

Anamuperekeza mpaka pagalimoto, anamupatsa mpunga pang'ono m'kathumba kuti akadye ndi ana, n'kubwerera kukamasula goli. Ine ndinalowa m'nyumba n'kulira mokweza, mwina kulirira iwo, poti iwo sanalire.

Kuyambira tsiku limenelo mawu aja akuti magazi sanama sanatulukenso pakamwa pawo. Kumsonkhano wa kalabu ankapitabe, koma ankangokhala. Alongo anga, amene tsopano ankauza aliyense kuti iwo ankadziwa kale kuti ng'ombe zachikuda n'zolimba, ndinawathamangitsa pakhomo panga ndi chipande m'manja. Amuna anga sanakhalitse. Tsiku lina akuchokera kukhola anagwa pabwalo, mbali imodzi itauma, pakamwa patapotoka. Tinawagoneka pamphasa m'ngolo, ndipo yakuda yomweyo ndi imene inawakoka mpaka kumsewu kumene tinapeza galimoto ya ku Salima. Kuchipatala anatha masiku ochepa.

Pamaliro abale awo a ku Dowa ndi a kwathu anakhala pansi kukambirana za ndiwo za anthu. Sipanakhale mkangano. Yakuda ija inali itakalamba pagoli, sikanabereka, ndipo ndi chinthu chokhacho m'mudzi muno chimene aliyense ankavomereza kuti chinali cha amuna anga. Anandifunsa mwamwambo chabe, ine ndili m'nyumba ya siwa, ndipo sindinakane.

Kuno kunyanja nyama ya pamaliro amazinga ndi Msilamu, kuti aliyense adye. Anaitana bambo wa kudooko uja, mwini nkhunzi yofiira. Asanayambe ndinatuma mchemwali wanga kukamuuza kuti mchira asaupatse munthu. Atamaliza anabwera yekha, anagwada pakhomo, n'kuupereka ndi manja awiri.

"Pepani, amayi," anatero. "Inali ng'ombe yolimba. Mulungu awalandire bwino."

Anthu anadya, ena anati nyama yake inali yolimba, ena anati inali yokoma. Ine sindinailawe.

Mchirawo ndinauyanika, ndinauthira phulusa ndi mchere, ndipo uli pamsomali kuchipinda kwanga, pafupi ndi chisoti chawo. Azimayi a kutchalitchi atauona ananong'onezana, mwina akuganiza kuti ukalamba wandilowetsa m'zamankhwala. Ndimawasiya. M'dambo masiku ano kalabu ikusakasaka nkhunzi zazing'ono zakuda, mpaka kukagula kutali, ndipo wofula ng'ombe isanaoneke ana ake amamulipiritsa mlandu. Ndikamamva zimenezi ndimangopitiriza kupeta mpunga wanga.

Ndikudziwa kuti ubweya subereka. Mayi uja anatiuza tonse awiri, pamaso pathu, masana. Koma funsolo anafunsa ndi amuna anga, munthu amene zaka zonse zimene anakhala m'mudzi muno sanapemphepo kanthu, ndipo chifukwa cha chimenecho mwezi uliwonse ndimautsitsa mchirawo, kuusasa fumbi, kuonetsetsa kuti njenjete sizinadye mizu, n'kuubwezera pamsomali.